Kutopa kosatha si maganizo chabe

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiikepo mlomo pa nkhani ya anthu amene anadwala Covid-19, n'kuchira, koma mphamvu zawo osabwerera. Akadandaula, ambiri amauzidwa kuti "ndi maganizo chabe, limbani mtima, muziyendayenda." Ine ndimagwira ntchito yosamalira odwala m'makomo mwawo kuno ku England, ndipo malangizo amenewa avulaza anthu kuno kwa zaka zambiri. Sindikufuna kuti kwathu tigwe m'mbuna yomweyo.

Matenda amene ndikunenawa madokotala amawatchula kuti ME kapena CFS. Bungwe la WHO linawaika m'gulu la matenda a ubongo ndi mitsempha kuyambira 1969. Kawirikawiri amayamba munthu atadwala matenda a kachilombo, ndipo ena mwa odwala Covid yosatherapo ali ndi zizindikiro zomwezi. Si kutopa kwa munthu wochokera kumunda, koti akagona mawa adzuke ali gwa. Munthu amachita kanthu kakang'ono lero, mawa kapena mkuja n'kugweratu, masiku angapo ali chigonere.

Mmodzi mwa amene ndimawasamalira ndi amayi ena amene anali aphunzitsi. Kusamba timachita kugawa: mutu lero, thupi tsiku lina. Amakhala pampando m'bafa, ndipo tsitsi ndimawapukuta ndine chifukwa kukweza manja kokhako kumawathera mphamvu. Makatani a chipinda chawo amakhala otseka, foni yosalira. Mdzukulu wawo akabwera amaseka naye, amacheza bwinobwino, moti mlendo anganene kuti achira. Ine ndimabwera m'mawa mwake. Ndimawapeza kukhosi kukuwawa, kapu ya tiyi ikuwalemera, mawu akuwathawa pakati pa chiganizo. Mphamvu zawo zili ngati ndalama za katapila: akabwereka pang'ono lero, amabweza zochuluka.

Amayiwa anapatsidwapo pepala la ndondomeko yoti sabata iliyonse aziwonjezera mtunda woyenda. Analitsatira mokhulupirika monga mphunzitsi amachitira. Asanaliyambe ankafika okha kugolosale. Pano masitepe a m'nyumba mwawo sawakwera.

Pepala limenelo silinagwe kumwamba. Akatswiri ena a matenda a maganizo kuno ankaphunzitsa kuti kachilombo kakatha, chimene chimasunga munthu pabedi ndi mantha oopa kuyenda komanso kufooka kwa thupi chifukwa chogona nthawi yaitali. Mankhwala ake, iwo amati, ndi awiri: uphungu wosintha kaganizidwe wotchedwa CBT, ndi masewera olimbitsa thupi owonjezera pang'onopang'ono otchedwa GET. Mu 2011 magazini ya zaumoyo ya The Lancet inasindikiza kafukufuku wa PACE woyesa njira ziwirizi, wa odwala 641, amene anadya ndalama pafupifupi mapaundi 5 miliyoni. Anatsogolera ndi Peter White, Michael Sharpe ndi Trudie Chalder. Mu 2013 iwo analengeza kuti odwala 22 pa 100 alionse amene analandira CBT kapena GET anachira.

Amene anayamba kufunsa mafunso anali odwala eniakewo, ena akulemba ali chigonere. Taonani zimene anapeza. Mphamvu za thupi zinkayezedwa pa sikelo ya 0 mpaka 100. Kuti munthu alowe m'kafukufukuyu monga wodwala, amayenera kupeza 65 kapena kutsika apo. Poyamba ofufuzawo analemba kuti wochira ndi amene wafika pa 85, koma kenako anatsitsa malirewo kufika pa 60. Ndiye kuti munthu akanatha kulowa ali pa 65, n'kufooka kufika pa 60, koma pa muyezo umenewu n'kuwerengedwa m'gulu la amene ali bwino. Zoterezi n'zoti munthu akachizire nazo m'bale wake?

Wodwala wina wa ku Australia, Alem Matthees, anapempha zina mwa ziwerengero za kafukufukuyu kudzera m'lamulo lopatsa anthu ufulu wodziwa zinthu. Yunivesite ya Queen Mary ku London inakana, nkhani inapita kubwalo, ndipo mu 2016 bwalo linagamula kuti ziperekedwe. Iye ndi akatswiri ena ataziwerenganso potsatira malire oyamba aja, ochira anali pafupifupi 7 pa 100 kwa a CBT, 4 kwa a GET, ndi 3 kwa amene sanalandire chilichonse mwa ziwirizi. Ndipo chiwerengero cha obwerera kuntchito sichinakwere.

Ku America, bungwe la Institute of Medicine linanena mu 2015 kuti awa ndi matenda a m'thupi, oopsa, ndipo bungwe la boma loona za matenda la CDC linachotsa CBT ndi GET pa malangizo ake mu 2017. Kuno bungwe la NICE, limene limalemba malangizo a zipatala, linasintha mu Okutobala 2021: GET isaperekedwenso, ndipo CBT isanenedwe kuti imachiza matendawa. Mkangano sunathe. Ofufuza a PACE ndi anzawo akuumirirabe kuti NICE inalakwitsa, ndipo analemba zimenezi m'magazini ya zaumoyo mu 2023.

Musandimve molakwa. Sindikunyoza uphungu, ndiponso matenda a maganizo ndi matenda enieni, osachititsa manyazi. Munthu amene ntchito yamuthera, anzake amuthawa, ndipo dziko lake latsala chipinda chimodzi, akufunika womumvera. Amayi aja amayankhula ndi mlangizi pafoni kwa mphindi zochepa, ndipo zimawathandiza kupirira. Chimene ndikukana ndi kuuza wodwala kuti chikumulepheretsa kuchira ndi kaganizidwe kake. Akapanda kuchira mlandu umagwera iye: sanayesetse, ndi waulesi, akudzidwalitsa. Kwathu ndiye zimafika poipa. Mtsikana wotere amanenedwa kuti akuthawa mtondo, apongozi amatopa naye, ena amamutengera kumapemphero a usiku wonse kumene amaimirira mpaka mbandakucha, n'kubwerako ataipiratu.

Kwa madokotala, anamwino ndi alangizi a zaumoyo kwathu, pempho langa ndi ili. Munthu akabwera ndi kutopa kwa miyezi, muyezeni kaye malungo, kuchepa kwa magazi, TB, HIV, shuga ndi chithokomiro, chifukwa zimenezi ndizo zofala ndipo zili ndi mankhwala. Zonse zikapezeka kuti zili bwino, musathamangire kunena kuti ndi nkhawa. Mufunseni kuti akachapa kapena akapita kumsika, tsiku lotsatira amadzuka bwanji. Akanena kuti amagweratu, musamulembere zoyenda mtunda. Muphunzitseni kudziwa malire a mphamvu zake, kugawa ntchito, ndi kupuma asanafike potheratu. Mankhwala ochiza sanapezeke, koma ululu ndi kusowa tulo zikhoza kuchepetsedwa. Muitanenso mwamuna wake kapena mayi ake muwafotokozere, poti iwo ndi amene adzamutume kumjigo.

Inunso a Mkonzi, tipezereni dokotala wa ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS kapena ku chipatala cha Queen Elizabeth alembe pa tsamba lanu la zaumoyo, atiuze mmene akuwaonera odwala otere.

Ine wowerenga wanu,
Nangondo, Leicester