Akuluakulu a chipatala, tiyankheni za jakisoni amene munabaya mayi anga

Ndikulemba pano poyera chifukwa kalata imene tinasiya ku ofesi kwanu simunayankhe, ndipo tikaimba foni mumangoti abwana ali pamsonkhano.

Thupi la mayi anga limadana ndi mankhwala a penicillin. Zimenezi zinalembedwa ndi inki yofiira pachikuto cha buku lawo la kuchipatala, ndipo ndinawauzanso ndekha adokotala amene anawagoneka atawapeza ndi chibayo. Koma usiku namwino anabwera ndi ampicillin n'kuthira mu kanula, osatsegula fayilo, osawafunsa ngakhale dzina. Ampicillin ndi wa m'gulu la penicillin, chimodzimodzi amoxicillin, ndipo aliyense amene anaphunzira unamwino amadziwa. Posakhalitsa milomo inatupa, zidzolo thupi lonse, mpweya ukulira pakhosi ngati wenzulo. Ndinathamangira patebulo la anamwino, panalibe munthu. Nditamupeza namwinoyo, kabati ya mankhwala a mwadzidzidzi inali yokiya, makiyi atapita ndi mnzake ku wodi ina. Munthu akamabanika chonchi amafunika jakisoni wa adrenaline pantchafu nthawi yomweyo, koma mayi anayamba kuda milomo ife tikusakasaka makiyi.

Anapulumuka, tikuthokoza Mulungu. Chimene chikundiwawa kwambiri ndi pepala limene munatipatsa potuluka. Mwalemba chibayo, mwalemba mankhwala akamwere kunyumba, basi. Za usiku umene uja palibe ngakhale mzere umodzi. Mawa akadwala n'kupita kwina, dokotala wakumeneko adzadziwa bwanji kuti anatsala pang'ono kufa ndi mankhwalawa? Nanga ngati simunalembe papepala lathu, m'mabuku anu munalemba?

Sindikufuna kuti namwino uja achotsedwe ntchito. Anali yekha ndi wodi yodzaza, ndinadzionera ndekha akuthamanga bedi ndi bedi. Amene anakonza ndandanda yomusiya yekha usiku wonse, ndi amene analamula kuti adrenaline azikiyiridwa, ndiwo ayenera kutiyankha. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati pafupifupi wodwala mmodzi mwa 10 alionse amavulazidwa pamene akulandira chithandizo, ndipo zoposa theka la zoterezi zikanatha kupewedwa. Pa 17 September, tsiku lokumbutsana za chitetezo cha odwala, mawu otere amanenedwa pamisonkhano, koma kuwodi kwanu sanafike.

Tikufuna mutipatse kope la fayilo ya mayi yonse, ndi tchati cha mankhwala momwe chinalili usiku umenewo, osachikonzanso. Konzani pepala lotulukira lija, mulembepo zimene zinachitika. Mutiuzenso, polemba, chimene mwasintha: kodi odwala amene amadana ndi mankhwala ena ayamba kuvekedwa kalamba kofiira pamkono, nanga makiyi aja tsopano amakhala pati?

Musandiuze kuti ndibwere ku inbox. Yankhani pompano, chifukwa pali anthu ambiri amene abale awo agonekedwa mu wodi imeneyo. Mukapitiriza kukhala chete, dandauloli tikalitula ku mabungwe amene amapereka ziphaso kwa madokotala ndi anamwino.