Moto wa tchire ukutisaukitsa kuno ku Nkhotakota

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandaule za moto wa tchire umene ukutha madambo ndi mapiri kuno ku Dwangwa. Ikangofika Seputembala, usiku uliwonse timaona mzere wa moto uli psuu kuzambwe kwa msewu wa M5, kukacha phulusa lili mbwee pa zovala zoyanika ndi m'zidebe za madzi akumwa.

Oyatsa timawadziwa ndipo ndi ana athu omwe: osaka mbewa, owotcha makala, ndi ena osafuna kusosa ndi khasu. Amati makolo ankatenthanso tchire. Inde ankatentha, koma nthawi imeneyo dambo linkakhala lonyowa mpaka mvula yoyamba, moto ukafika pamenepo unkazima wokha. Lero mvula ikumadula msanga, udzu umauma gwa mu Julayi, ndiye mphepo ikaomba moto umadumpha msewu n'kulowa m'minda ya chinangwa. Amayi amayenda mtunda wautali kufuna udzu wofolera nyumba, mbuzi ndi ng'ombe zikungonyambita lupsa. Zonsezi chifukwa cha mbewa zosadzaza n'komwe mbale.

Tisaiwale 2024. Kumapeto kwa Febuluwale madzi anasefukira kuno ku Dwangwa, anthu zikwizikwi n'kuthawira m'misasa. Usanathe mwezi wotsatira, Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba ya El Niño. Chigumula ndi chilala m'nyengo imodzi! Mvula ya masiku ano imagwa yambiri kwa maola ochepa, ndipo ikapeza nthaka ili mbee, yopanda udzu kapena mapesi, siilowa pansi. Imangokokolola dothi n'kukwirira mitsinje, patatha sabata ziwiri chimanga chayamba kufota.

Nyengo sitingaibweze ife a kumudzi, koma machesi ali m'manja mwathu. Ndikupempha mafumu kuti akhazikitse malamulo a m'mudzi okhala ndi chindapusa chenicheni, kaya mbuzi kaya nkhuku, ndipo mwana wa mfumu akayatsa alipirenso. Alangizi a zankhalango abwere mu Meyi kapena Juni udzu usanaumitsitse, atitsogolere kulambula njira zotchinga moto ndi kutentheratu malo oyenera. Kubwera mu Okutobala kudzalankhula pa msonkhano tchire litapsa kale n'kungotha mafuta a galimoto.

Wowerenga wanu,
Dwangwa, Nkhotakota