Lipoti la msonkhano wa ku Ngabu wokambirana za udzu m'minda

A wapampando, amayi ndi abambo a m'kalabu yathu, zikomo. Munandituma ku Ngabu kukamva momwe tingachepetsere udzu popanda kudalira mankhwala opopera chaka ndi chaka. Ndabwerako, ndipo zomwe ndatola ndi izi.

Tinakhalitsa pa kaufiti, ndipo m'pake, chifukwa ndiye watisaukitsa m'mapira ndi m'chimanga. Alangizi anati kaufiti amayamba kuyamwa mizu adakali pansi, moti tikamaona maluwa ofiira aja, mbewu yavulala kale. Tsinde limodzi limamwaza njere masauzande ambirimbiri, zazing'ono ngati fumbi, zotha kugona m'nthaka zaka zoposa 10. Apa mtima unandipweteka, poti ambirife timamusiya tikamaliza kubandira. Tizimuzula asanachite maluwa.

Chondisangalatsa n'chakuti chida china tili nacho kale kuchigwa kuno: thonje. Mizu ya thonje, mtedza ndi khobwe imadzutsa njere za kaufiti, zimamera, koma posowa pogwira zimafa. Choncho munda wa mapira chaka chino uzilowa thonje chaka chamawa. Kaufiti amakondanso nthaka yoguga, ndiye manyowa ndi ofunika, koma owola bwino. Ndowe zaziwisi zochokera m'khola zimabwera ndi njere za udzu.

Za kapinga ndi dawe anati kudula ndi khasu kumangozichulukitsa. Tizifukula mizu yake m'chilimwe kuti ipse ndi dzuwa lathu la Okutobala. Bonongwe, chisoso ndi denje, zimenezo ndi ndiwo, amayi mukudziwa kale.

Atafika pa kuphimbira nthaka ndi mapesi ndinakweza dzanja. Ndinavomera kuti udzu sumera bwino pansi pa mapesi, ndipo chinyontho chimakhalitsa, chinthu chosowa kwathu kotentha kuno. Koma ndinafunsa: tikakolola, ng'ombe ndi mbuzi zimatayiridwa m'minda, anyamata osaka mbewa nawo amatentha otsalawo, nanga tiphimbira ndi chiyani? Alimi a ku Nsanje anati nawonso vuto ndi lomwelo. Ine ndikuona kuti nkhaniyi mlimi payekha sangaithe, ikufunika a mfumu ndi eni ziweto pabwalo limodzi.

Pempho langa n'lakuti munda wa kalabu tiugawe pawiri mvula isanagwe, mbali ina thonje, ina mapira osakaniza ndi khobwe, tidzadzionere ndi maso athu. A wapampando, tipatseni tsiku lokaonana ndi a mfumu.