Maphunziro a masamu opanda mtolo wa timitengo akutitayitsa nthawi

Akonzi,

Ndipatseniko danga ndidandaule za maphunziro a masamu amene aphunzitsi a Sitandade 2 mpaka 4 tinaitanidwako pa TDC ina (malo amene aphunzitsi a m'zoni amachitirako maphunziro) kuno ku Mulanje. Kalata yotiitana inati mutu wake ndi kuchotsera kofunika kubwereka. Mutu umenewu ndi umene umagwetsa ana ambiri, ndiye anthu anabwera ndi chidwi, ena atapalasa njinga mtunda wautali, makalasi atasiyira anzawo. Koma tsiku lonse linatha popanda mphunzitsi ndi mmodzi yemwe wogwirako mtolo wa timitengo. M'mawa wonse unathera malonje, malamulo a pamsonkhano ndi kusayina mapepala a alawansi. Titadya nkhomaliro, otiphunzitsawo analemba 52 − 27 pa tchati, anadula 5, analemba 4 pamwamba, anaika ka 1 pambali pa 2, n'kunena kuti tabwereka wani. Phunziro linathera pompo.

Kodi n'zimenezi zotisiyitsira ana tsiku lathunthu? Njira imeneyi ndi yomwe ikukanika kale m'makalasimu. Tsegulani kope la mwana wa Sitandade 3, pa 52 − 27 mupeza 35. Mwanayo si mbuli. Waona kuti 2 sangachotse 7, ndiye watembenuza: 7 kuchotsa 2 wapeza 5, kenaka 5 kuchotsa 2 wapeza 3. Sakudziwa kuti 5 wa mu 52 ndi mateni asanu, akungoona manambala awiri oyandikana. Mwana wotere mukamuuza kuti abwereke wani, ka 1 kaja amakaona ngati kagwa kuchokera kumwamba, ndipo sabata yamawa adzakhala ataiwala.

Chimene tinkayembekezera n'chosavuta. Mwana aike patsogolo pake mitolo 5 ya timitengo khumikhumi ndi timitengo 2 tapadera. Muuzeni akupatseni 7. Aona yekha kuti tapaderato tachepa. Amasule mtolo umodzi ndi manja ake, mphunzitsi osamumasulira. Tsopano ali ndi mitolo 4 ndi timitengo 12, ndipo apa pafunika kuima n'kufunsa kalasi ngati timitengo tonse tikadali 52. Awerengenso atsimikize. Akachotsa 7 patsala 5, akachotsa mitolo 2 patsala 2, yankho 25. Akabwereza ndi masamu angapo, m'pamene mphunzitsi alembe pa bolodi, ndipo podula 5 n'kulemba 4 aloze mtolo womasulidwa uja. Abakasi ibwere pambuyo, chifukwa pa abakasi chitsekerero cha mateni chimafanana ndi cha mawani, pamene mtolo umaoneka ndi maso kuti muli timitengo khumi.

Za ziro sanazitchule n'komwe, chonsecho m'pamene pamakhala mavuto enieni. Pa 403 − 158 ana ena amalemba 355, kutembenuza kuja. Ena amalemba 255: atenga handiredi imodzi, 3 wasanduka 13, koma pa mateni asiyapo 10 m'malo mwa 9. Yankho ndi 245. Mwana amene anamasulapo chimtolo cha 100 n'kupeza mitolo 10, n'kumasulanso umodzi mwa iyo, amadziwa chifukwa chake patsala 9. Ana athuwa akatumidwa ku msika wa Chitakale kapena ku Limbuli amasinthitsa K1,000 kukhala ma K100 khumi osasokonezeka. Nanga bwanji m'kalasi tikuwabisira kusinthako?

Wina atafunsa za zipangizo, yankho linali lakuti bajeti inachepa. Bajeti yanji? Gulu la ana 6 limafuna mitolo 9 ndi timitengo 20 tapadera, tonse 110. Kalasi ya ana 90 ndi magulu 15, kutanthauza timitengo 1,650. Mwana aliyense akabweretsa 20 takwana, tina n'kutsalako. Nsungwi, bango ndi nthambi za bulugamu zili ponseponse kuno. Timitengoto tidulidwe tofanana, pafupifupi masentimita 10, chifukwa tikasiyana ana amayamba kulimbirana tatitali. Pomangira, mphira wa chubu chakutha cha njinga umaposa luzi, popeza mfundo ya luzi imatenga nthawi kuti mwana wamng'ono aimasule ndipo piriyodi imatha asanachotse kanthu. Kukoleji anatiphunzitsa TALULAR, kugwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamalo. Mabuku a aphunzitsi ochokera ku MIE, bungwe lokonza silabasi ndi mabuku a sukulu ku Domasi, amanenanso za zipangizo zowerengera. Ndiye amene akutsogolera maphunziro a aphunzitsi akusiyiranji zimene boma lomwe linalemba?

Vuto lina ndi kupatsirana maphunziroku. Ochepa amakaphunzira kwa masiku angapo, iwo n'kudzaphunzitsa ena kwa masiku ochepa, pofika kwa mphunzitsi wa m'kalasi patsala tsiku limodzi ndi tchati. Chimene chimayamba kutayidwa m'njira ndi gawo logwira ndi manja lija, chifukwa ndi limene limadya nthawi. Chiyambire maphunziro aulere mu 1994 makalasi ang'onoang'ono ndi amene amadzaza kwambiri, koma maphunziro a aphunzitsiwa amakonzedwa ngati mphunzitsi ali ndi ana 30 okhala pa madesiki. Zotsatira za MANEB za Sitandade 8 zikatuluka, chala chimaloza mphunzitsi, pomwe mwanayo anasochera ali Sitandade 3.

A Unduna wa Maphunziro, a Shire Highlands Education Division ndi ma PEA (alangizi a sukulu za pulayimale m'mazoni), chonde lamulani kuti pa maphunziro a masamu aliyense azifika ndi mitolo yake, alawansi izisayinidwa madzulo, ndipo wophunzitsa azilowa m'kalasi yeniyeni ya Sitandade 3 pa sukulu yomwe pali TDC n'kuphunzitsa 403 − 158 aphunzitsi tikuonerera.

Mphunzitsi wodandaula,
Mulanje