Mzimba si yosakhazikika pa ndale, vuto ndi kutalika kwa madera

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhepo pa mawu omwe amamveka kawirikawiri kuno ku Harare Amalawi tikakumana, kaya tikutuluka m'tchalitchi cha CCAP, kaya pamsonkhano wa bungwe la maliro ku Mbare kapena ku Mufakose. Nkhani ya ndale za kumudzi ikangobuka, sipalephera wina kunena kuti anthu a ku Mzimba ndi osadalirika, ati chisankho chilichonse amasintha chipani, phungu naye osamusiya. Mawu amenewa amandipweteka chifukwa amaloza chala ovota pomwe cholakwika chili pa kadulidwe ka madera ndi kagawidwe ka ndalama za chitukuko.

Mzimba ndi boma lalikulu kuposa onse m'Malawi, malo ake ndi opitirira masikweya kilomita 10,000. Kalembera wa 2018 anapezako anthu 940,184, osawerengera mzinda wa Mzuzu womwe unali ndi anthu 221,272. Kuchoka pa boma la Mzimba kukafika ku Mzuzu ndi mtunda wa makilomita oposa 100, ndipo umenewo ndi msewu wa tala. Kulowera ku Euthini, ku Mbalachanda kapena ku Khosolo nyengo ya mvula ndi nkhani ina. Ngakhale boma linavomereza kuti ofesi imodzi singakwanitse, n'chifukwa chake za maphunziro ndi za umoyo zinagawidwa pawiri, Mzimba North ndi Mzimba South, ngakhale khonsolo ya M'mbelwa ikadali imodzi.

Pa zisankho zisanu, kuyambira 1999 mpaka 2019, boma lonseli linali ndi aphungu 11, kuphatikizapo mmodzi wa Mzuzu kukhala 12. Tikawerengera mitu ya anthu, phungu mmodzi wa kumidzi ya ku Mzimba ankaimira anthu pafupifupi 85,000, zomwe sizikusiyana kwenikweni ndi dziko lonse, pomwe anthu 17.5 miliyoni pa mipando 193 ankabwera pafupifupi 91,000. Apa tinene chilungamo, Mzimba sinaberedwe. Koma tikawerengera malo, dera limodzi la ku Mzimba linkaposa masikweya kilomita 900, pafupifupi kawiri poyerekeza ndi dera wamba m'dziko muno. Pamenepa ndi pomwe pagona nkhani.

Tibwerere kumbuyo pang'ono. Angoni a M'mbelwa analowa mu ulamuliro wa atsamunda mochedwa, mu 1904, ndipo mpaka lero mawu a Inkosi ya Makhosi ku Edingeni amalemera pa nkhani iliyonse yokhudza malire. Sukulu za mishoni ku Ekwendeni ndi ku Embangweni zinatulutsa anthu ophunzira msanga, ndipo ambiri mwa iwo analowa m'nkhondo yolimbana ndi chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chomwe likulu lake linali mzinda uno tikukhalamowu. Mayi Rose Chibambo, obadwira ku Kafukule, anakhala phungu wa Mzimba South komanso mayi woyamba kukhala wachiwiri kwa nduna. Mu September 1964, patangotha miyezi iwiri dziko litalandira ufulu, anachotsedwa pa udindo pa mkangano wa nduna ndi Kamuzu Banda, nathawira ku Zambia. Anabwerera patatha zaka 30. Nkhope yawo lero ili pa K200, koma dera lawo linataya phungu wake popanda wovota aliyense kufunsidwa.

Mu ulamuliro wa chipani chimodzi, pa zisankho za 1971 ndi 1976 panalibe kuponya voti. Misonkhano ya chipani m'maboma inkatumiza mayina, Kamuzu n'kusankhapo. Kuyambira 1978 anthu anayamba kuvota, koma onse opikisana anali a MCP ndipo ankayenera kukhoza mayeso a Chingerezi. Pakati pa zaka zimenezi panachitika zinthu ziwiri zomwe anthu a kumpoto sanaiwale: mu 1968 Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ya MBC, ndipo mu 1989 aphunzitsi ochokera kumpoto analamulidwa kusiya sukulu za pakati ndi kum'mwera n'kubwerera kwawo. Ife olankhula Chichewa tiyenera kuzivomereza zimenezi poyera, chifukwa popanda izo sitingamvetse zomwe zinachitika pa 14 June 1993. Pa riferendamu ya tsiku limenelo, kusankha pakati pa nyali ya zipani zambiri ndi tambala wakuda wa chipani chimodzi, chigawo cha kumpoto chinavotera nyali pafupifupi anthu 9 mwa 10 alionse. Pa 17 May 1994 AFORD ya Chakufwa Chihana inatenga mipando yonse 33 ya kumpoto, ya ku Mzimba ili momwemo.

Tsopano onani yemwe anayamba kusuntha. Mu 1994 momwemo Chihana analowa m'boma la UDF ngati wachiwiri wachiwiri kwa pulezidenti, mu 1996 anatulukamo, mu 1999 anaima limodzi ndi Gwanda Chakuamba wa MCP. Mu July 2002 phungu wina wa AFORD ndiye anabweretsa m'Nyumba ya Malamulo bilu yochotsa malire a nthawi yolamulira pulezidenti, yomwe inagwa ndi mavoti atatu okha. Chipani chinang'ambika, ndipo kuchoka pa mipando 36 mu 1994 ndi 29 mu 1999, chinatsala ndi 6 mu 2004, kenako umodzi mu 2009. A Loveness Gondwe, omwe anali phungu wa Mzimba West, anatuluka n'kukaima pa mpando wa pulezidenti ndi chipani chawo mu 2009. A Khumbo Kachali a ku Mzimba South West analowa m'Nyumba ya Malamulo mu 2004 ndi UDF, anapita ku DPP itabadwa mu 2005, anachotsedwa m'chipanicho limodzi ndi a Joyce Banda mu December 2010, ndipo mu 2012 anakhala wachiwiri kwa pulezidenti ali mu PP. Munthu mmodzi, dera limodzi, zipani zitatu. Wovota wa ku Embangweni sanasamuke. Zipani ndi zomwe zinkamusamukira. Gawo 64 la malamulo aakulu a dziko, lomwe linkalola anthu kuchotsa phungu nthawi yake isanathe, linafafanizidwa mu 1995, ndipo gawo 65 loletsa phungu kudumphira chipani china lakhala likuvuta kugwiritsa ntchito. Chida chomwe wovota watsala nacho ndi chimodzi, pakatha zaka zisanu.

Nanga n'chifukwa chiyani aphungu amagwa kawirikawiri m'madera aakulu? Zimayambira pa chisankho chachipulula. Zipani zambiri zimaitanitsa nthumwi za makomiti a m'madera pamalo amodzi kapena awiri, nthawi zambiri pabwalo la sukulu. Opikisana amaima kutsogolo, nthumwi n'kufola kumbuyo kwa yemwe zikumufuna, owerenga n'kumayenda akugwira mapewa mmodzimmodzi. M'dera laling'ono aliyense amafika wapansi. M'dera lalikulu amafika ndi omwe apezeredwa lole, ndipo mwini loleyo amakhala mmodzi mwa opikisanawo. Nthumwi za kumapeto kwa dera zikafika dzuwa litapendeka, zimapeza kuwerenga kwatha. Wogonja amakaima payekha, mavoti a chipani amagawikana, ndipo poti lamulo la 50+1 limakhudza pulezidenti yekha, phungu atha kupambana ndi mavoti osafika gawo limodzi mwa magawo atatu. Si ku Mzimba kokha ayi: aphungu oima paokha anali 52 mu 2014 ndi 55 mu 2019. Phungu wotereyu amayamba ntchito anthu ambiri a m'dera lake asanamuvotere.

Akalowa, amakumana ndi thumba la ndalama za chitukuko cha dera la CDF, lomwe linayamba mu 2006 ndipo limaperekedwa mofanana ku dera lililonse. Mu 2022 linafika pa K100 miliyoni. Koma thumba la simenti lomwe wagula ku Mzuzu silifika mtengo womwewo ku Mbalachanda. Palowa dizilo, palowa matayala, ndipo mlatho ukakokoloka galimoto imazungulira tsiku lonse. Kontilakita amachepetsa simenti kuti ndalama ikwane, chipinda chophunziriramo n'kung'ambika mvula yachiwiri isanathe. Komanso dera lotambalala limafuna timilatho tambiri, mijigo yambiri ndi zipatala zazing'ono zambiri kuti munthu asayende mtunda wautali, ngakhale chiwerengero cha anthu chifanane ndi cha dera la m'tauni. Phungu ankagawa ndalamayo pang'onopang'ono kuti mfumu iliyonse ione kanthu, mapeto ake maziko ambiri opanda denga. Tisaiwalenso kuti kuyambira 2005 mpaka 2014 kunalibe makhansala, ndiye maliro, ambulansi, fizi ndi mlatho zonse zinkagogoda pakhomo la munthu mmodzi. Makhansala atabwerera, mawodi anali atachepetsedwa kuchoka pa 861 kufika pa 462.

Tsiku la chisankho nalo lili ndi zake. Woima aliyense amafunika mamonita pamalo alionse oponyera voti, oti akhale mpaka kuwerenga kuthe, asainire pepala la zotsatira ndi kutenga kope lake. Tiyerekeze dera lili ndi malo 50: amenewo ndi anthu 100 ofuna chakudya, mayendedwe ndi mayunitsi a foni. Wosauka amasiya malo akutali opanda monita, ndipo ndi malo omwewo omwe pepala lake limayenda usiku pa njinga yamoto kupita kumalo ophatikizira zotsatira. Mlandu wa chisankho cha 2019, womwe khothi linagamula pa 3 February 2020, unaonetsa dziko lonse kuti pakati pa malo oponyera voti ndi malo ophatikizira ndi pomwe Tipp-Ex analowera. Kutseka 4 koloko masana m'malo mwa 6 koloko madzulo, monga zinachitikira pa 16 September 2025, kumathandiza kuti kuwerenga kuyambe kukuwala, koma kumafunanso kuti malo ovotera akhale pafupi ndi mayi yemwe akuyenda ndi mwana kumbuyo.

Lamulo lilipo ndipo ndi lomveka. Gawo 76 likulamula bungwe loyendetsa zisankho la MEC kuunikanso malire nthawi ndi nthawi, kuti madera akhale ndi chiwerengero chofananirako cha anthu oyenera kulembetsa, koma poganiziranso kuthithikana kwa anthu, kuyendeka kwa dera, mapiri ndi mitsinje, komanso malire a maboma ndi mafumu. Nyumba ya Malamulo imangovomereza, singasinthe mzere payokha. Komabe malire omwe anadulidwa mu 1998 anagwira ntchito zaka zoposa 20. Ntchito yomwe inayamba mu 2021 ndi kuvomerezedwa mu 2022 inakweza madera kuchoka pa 193 kufika pa 229, mawodi kufika pa 509, ndipo Mzuzu inagawidwa patatu. Inali ntchito yofunika, koma inabwera mochedwa kwambiri. Mu 2019 ovota 6.86 miliyoni pa madera 193 ankabwera pafupifupi 35,500 dera limodzi. Mu 2025 ovota 7.2 miliyoni pa madera 229 anabwera pafupifupi 31,400.

Kuno ku Zimbabwe malamulo a 2013 anaika nambala: mipando 210, kudula malire pakatha zaka 10, ndipo dera lisapose kapena kuperewera ndi 20 peresenti. Lipoti la malire la bungwe la zisankho la ZEC la 2023 linadzetsa mkangano waukulu, koma anthu ankatha kutenga cholembera n'kuwerengera okha chifukwa muyeso unalembedwa. Gawo 76 la kwathu lilibe nambala yotere. Ndikupempha kuti MEC isindikize, dera ndi dera, chiwerengero cha ovota, kukula kwa malo ndi mtunda wochoka pamudzi wakutali kwambiri kufika pamalo ovotera, misonkhano ya m'makhonsolo isanayambe. Mafumu ndi makomiti a chitukuko a ADC akapatsidwa mapu pa tsiku la msonkhano lomwelo, sangathe kuona kuti mzere wadula mudzi pakati kapena waika anthu kutsidya kwa mtsinje wa South Rukuru komwe kulibe mlatho.

Palinso ife a kunja. Mzimba yakhala ikutumiza anyamata ake ku Joni, ku Bulawayo ndi kuno kuyambira nthawi ya makolo athu, ena mpaka kusanduka machona. Kalembera sawapeza pakhomo, choncho dera limaoneka la anthu ochepa n'kudulidwa lalikulu, pomwe nyumba za malata ndi fizi za ana zikuchokera kwa iwo. Gawo 77 limalola munthu kulembetsa komwe anabadwira, koma ayenera kukhala ndi chiphaso cha unzika cha NRB ndi kufika yekha kawiri, polembetsa ndi povota. Kuchoka ku Harare ndiye kudutsa pa Nyamapanda, Tete, kulowera pa Dedza kapena pa Mwanza, kenako kukwera mpaka pa Jenda. Ndi ochepa omwe angakwanitse maulendo awiri otere m'chaka chimodzi, ngakhale lamulo la unzika wa mayiko awiri linadutsa mu 2018.

Chisankho chotsatira ndi cha 2030. A Mkonzi, nyuzipepala yanu ifunse MEC tsiku lomwe iyambe kuunikanso malire, ifunsenso unduna wa zachuma ngati ndalama ya ntchitoyi yaikidwa mu bajeti. Aphungu a ku Mzimba, pamodzi ndi anzawo a ku Kasungu ndi ku Mangochi komwe madera nawonso ndi otambalala, abweretse m'Nyumba ya Malamulo ganizo loti gawo lina la CDF lizigawidwa potengera kukula kwa dera ndi mtunda wochoka pa boma, osati mofanana monga zilili panopa.

Wowerenga wanu,
Highfield, Harare