Wophunzira ntchito woti wagwirapo kale zaka zisanu mumupeza kuti?

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa chidziwitso chija cha wailesi ina ya kanema chomwe chakhala chikuzungulira pa Facebook, chofuna "atolankhani ophunzira ntchito". Amene mudachiona mukudziwa zomwe ndikunena. Akuti wofunsira asapitirire zaka 23, akhale ndi digiri, ndiponso akhale woti wagwirapo ntchito ya pa kanema kwa zaka zisanu. M'munsi mwake awonjezera kuti atsikana atumize chithunzi chooneka thupi lonse.

Tiyeni tiwerengere limodzi, poti masamu akuoneka kuti adawathawa akuluakuluwa. Pa 23 tikachotsapo 5 patsala 18. Ndiye kuti mwanayo adayamba kuwerenga nkhani zamadzulo asanaponde n'komwe pakhomo la koleji, digiriyo n'kumaiphunzira pa nthawi ya malonda. Ngati mwana wotereyu alipodi, mukumutchuliranji wophunzira? Mupatseni mpando wa bwana amene adalemba chidziwitsocho.

Chomwe akufuna tonse tikuchidziwa. Akufuna munthu mmodzi wogwira kamera, wolemba nkhani, wodula zithunzi pa pulogalamu ya pakompyuta ya Premiere Pro, woika mawu, kenako avale jekete akawerenge yekha nkhaniyo, koma malipiro akhale a wophunzira. Mawu oti "wophunzira" adawaikapo kuti akachite ntchito pa tsiku la malipiro basi.

Ine ndagwira kamera zaka zambiri, ndipo ndikunenetsa kuti zambiri za ntchitoyi sizipezeka m'kalasi. Kuwerenga nkhani uku wotsogolera pulogalamu akukulankhula m'khutu kuti kwatsala masekondi khumi, iwe nkhope osasintha, munthu amaphunzirira musitudiyo. Kubwera kuchokera kutali ndi zithunzi zokongola, n'kupeza kuti maikolofoni inali yozimitsa ndipo nduna ija ikungoyasamula kukamwa, kumamuchitikira munthu kamodzi, sabwerezanso. Nanga mwana akaphunzira kuti zimenezi ngati khomo lokhalo lolowera mwalitseka ndi zaka zisanu?

David Attenborough, amene dziko lonse limamudziwa ndi mapulogalamu a zachilengedwe, adalowa ku BBC mu 1952 ngati wophunzira, kunyumba kwake kulibe ndi TV yomwe. Adayamba wafunsira ntchito ya pa wailesi ya mawu n'kukanidwa, koma Mary Adams, mmodzi wa akuluakulu a mbali ya kanema ku BBC komweko, ataona CV yake adamuitana. Mayi yemweyo poyamba sankafuna kuti aoneke pa kanema, ati mano ake ndi aakulu. Christiane Amanpour, mtolankhani wotchuka wa nkhani zakunja, naye adayambira pansi penipeni ku CNN mu 1983, ngati wothandizira pa desiki ya nkhani zakunja. Chidziwitso cha anzathuwa chikadawabweza onse awiri pa geti. Kapena wailesi imeneyi yaposa BBC ndi CNN ife osadziwa?

Za chithunzi cha thupi lonse ndiye n'zochititsa manyazi. Kodi nkhani imawerengedwa ndi miyendo? Anyamata bwanji sadawauze? Pangano nambala 111 la bungwe loona za apantchito pa dziko lonse la ILO, la mu 1958, limaletsa kusiyanitsa anthu polemba ntchito potengera kuti uyu ndi mwamuna kapena mkazi. Amene amatiwerengera nkhani za ufulu wa amayi madzulo aliwonse ndi omwewo akupempha zithunzi m'mawa.

Ndipo si wailesi imeneyi yokha. Ana amabwereka kamera, kuchonderera mnzawo awajambule kanema wachitsanzo, kugona mochedwa akukonza CV, kutumiza, kenako zii. Ngakhale ka imelo ka mzere umodzi koti "sizinatheke" kamawalemera mabwana. Ena amaitanidwa kuti "adzayesedwe" miyezi isanu ndi umodzi popanda malipiro, nkhani zawo zikuulutsidwa, malonda akulowa, ikatha miyeziyo pabwere gulu lina. Pamapeto pake ntchito imapita kwa amene ali ndi omutsatira ambiri pa TikTok, woti dzina la mlendo wake amalitchula molakwika kuyambira moni mpaka kutsanzika.

Chotsani chidziwitsocho mulembe china. Ngati mukufuna katswiri, nenani ndipo mumulipire za katswiri. Ngati mukufuna wophunzira, muikeni kutsogolo kwa kamera mphindi ziwiri, onse awerenge nkhani imodzimodzi, aliyense alembenso ina yakeyake, musankhe pamenepo. Olephera muwayankhe. A unduna wa zantchito ndi mabungwe a atolankhani nawonso awerenge chidziwitsochi, n'chosavuta kuchipeza, afunse amene adapempha zithunzi zija kuti zikukasungidwa mu foni ya ndani.

Ndine wanu wokhumudwa,
Mjambuzi wopuma