Mafunso osankha yankho akubisa luso la masamu

A Mkonzi,

Tiloleni tidandaule ndi mchitidwe wopezera akatswiri pa mipikisano ya masamu ndi mafunso a A, B, C, D, E okhaokha. Kuchonga kwake n'kwachangu, sitikutsutsa. Koma pepala lotere silionetsa njira imene mwana wadutsa, pomwe luso lagona pa njirayo.

Taonani funso ili: pezani x ngati 2ˣ + x = 37, mayankho ake 3, 4, 5, 6 ndi 7. Mwana wochenjera amangoika 5 wapakatiyo, napeza 32 + 5 = 37, basi wadutsa. Sanaganizire n'komwe chifukwa chake palibe yankho lina, kuti mbali yakumanzere imangokula x akamakula. Funso likanena za thirayango ina iliyonse, iye amasankha ya mbali zitatu zofanana, kuwerengera imodzi yokhayo n'kuona chilembo chogwirizana nayo. Lamulo lokhudza mathirayango onse silinamukhudze.

Chotiwawa kwambiri ndi ichi. Mayankho abodza aja okonza mayeso amawatenga pa zolakwa zodziwika: kuiwala chizindikiro chochotsera, kapena kusagawa ndi 2 pofuna kukula kwa thirayango. Mwana walondola mizere khumi bwinobwino, waterereka pa womaliza, kenako yankho lake lolakwikalo walipeza litakhala pa C. Mtima umakhala pansi, sabwereranso kukaunika. Amalandira ziro, chimodzimodzi ndi mnzake amene funsolo sanaliwerenge.

Nkhani yolota yankho nayo ilipo. Pa mpikisano wa AMC 12 wa ku America pamakhala mafunso 25 m'mphindi 75. Kukhoza ndi malikisi 6, kusiya osayankha 1.5, kulakwa 0. Wongolota pa mayankho asanu amayembekezera malikisi 1.2 pa funso, choncho kuli bwino kusiya. Koma akangochotsa awiri oonekeratu kuti ndi abodza, chiyembekezo chimakwera kufika pa 2, ndipo kulota kwayamba kupindulitsa. Ndiye ophunzitsa amathera nthawi pa machenjerero amenewa, mphindi zitatu pa funso, m'malo mophunzitsa mwana kufotokoza chifukwa.

International Mathematical Olympiad, mpikisano wa masamu wa mayiko osiyanasiyana womwe udayamba mu 1959 ku Romania, umapereka mafunso 6 okha m'masiku awiri, maola anayi ndi theka tsiku lililonse. Funso lililonse lili ndi malikisi 7 ndipo ochonga amawerenga mzere ndi mzere. Mwana wokulira pa zosankha akafika pamenepo amagwira njakata.

Pempho lathu kwa okonza mipikisano: zosankhazi zikhale za gawo loyamba lokha, lochepetsera chiwerengero. Gawo lachiwiri mwana azilemba yekha nambala, monga pa AIME, mpikisano wina wa masamu wa ku America, pomwe yankho limakhala pakati pa 0 ndi 999, moti wolota mwayi wake ndi umodzi pa 1,000. Gawo lomaliza likhale lolemba njira yonse, ndipo wolakwa pa mzere womaliza azipatsidwa malikisi a mizere imene wakhoza.

Aphunzitsi a masamu okhudzidwa